Wotchi ya Adokotala

Kamoto atakhuthula chikwama cha a Makiyi pa simenti, munatuluka malaya osinthira, kabudula wam'kati wosokedwa ndi ulusi wa mitundu iwiri, mapiritsi okulunga m'kapepala, theka la buledi, ndi chithunzi cha mayi wina chomatamata ndi selotepi. Wotchi munalibe.

Anachigwedezanso chikwamacho. Munagwa nyenyeswa zokha.

Gulu lonse la anthu otsika pansi pa madzi linali litaima m'mbali mwa dziwe losambiramo, maso tong'o. A Makiyi, bambo wa imvi amene anakhala akukolopa ndi kukhoma zitseko za pamalopo kwa zaka makumi awiri, anagwada pang'onopang'ono, bondo limodzi kenako linalo, n'kuyamba kutola. Anayamba ndi kabudula uja, n'kumubisa pansi pa malaya.

"Abisa kwina," anatero Amanijala. "Madala, kakhaleni m'chipinda cha mapampu, musasunthe. Ikakwana wani koloko wotchi isanapezeke, ndiitana apolisi. Makiyiwo bweretsani kuno."

Mkuluyo anamasula mulu wa makiyi m'chiuno, n'kupereka ndi manja awiri. Sanayang'ane munthu. Ngakhale Kamoto sanamuyang'ane, ndipo chimenecho n'chimene chinamuwotcha mtsikanayo kuposa mbama.

Kamoto anali mphunzitsi wa ana osambira pa dziwepo. Kusambirako anadziphunzitsa yekha, posuzumira pa mpanda ndi kuonera mavidiyo pa foni. Dzinalo anamupatsa chifukwa cha mtima wake wosachedwa kuyaka. Lero unayaka msanga. Adokotala atangokuwa kuti wotchi yawo yasowa, iye anaona maso a Amanijala akuzungulira pa antchito, ndipo wantchito woyandikira anali iyeyo. Pakamwa panathamanga: "Ndinawaona a Makiyi akusuntha chikwama cha Adokotala!" Anawaonadi. Ankakolopa pansi pa benchi. Koma dzanja limene linatsomphola chikwama cha mkuluyo linali lake, popanda womutuma.

Zaka zinayi zapitazo, pa golosale imene ankagwirapo ntchito, nayenso anamuvula juzi pamaso pa makasitomala chifukwa cha foni imene inadzapezeka m'galimoto ya mwini wake. Tsiku limenelo analumbira zambiri. Lero anazimeza zonse m'mphindi imodzi.

Anayang'ana wotchi ya pa khoma. Nthawi inali itangopitirira leveni koloko.

*

Adokotala, dokotala wa mano wolankhula ngati akuwerenga mndandanda wa mankhwala, anali atakhala pa tebulo la pansi pa ambulera. Pa tebulopo panali timabuku tiwiri ta zithunzi timene gululo linakanganirana m'mawa wonse.

Nkhani inali yosankha chilumba cha tchuthi. Kabuku kamodzi kanali ka chilumba chimene gululo linangochitcha cha Akamba: madzi ofunda, osazama, miyala ya pansi pa nyanja yofiira ndi yachikasu, akamba a m'nyanja akudya ngati mbuzi pa dambo. Kenako kanali ka chilumba cha Sitima, kumene sitima yakale inagona chammbali mamita sate pansi pa nyanja. Kumeneko salola aliyense. Eni malo amafuna umboni woti munthu anatsikapo kale mamita sate n'kubwerako ali ndi nzeru zake.

"Adokotala, mwaiona komaliza nthawi yanji?" anafunsa Kamoto.

"Wasanduka wapolisi tsopano?"

"Ndingofuna kudziwa."

"Kutatsala mphindi khumi kuti ikwane teni. Ndinaiika m'thumba la kutsogolo, ndinatseka zipi, ndinasiya chikwama pa benchi. Teni koloko tinakhala pano. Twente tu leveni ndinapita kukaitenga. Zipi yotseka. Foni ilimo. Kachikwama ka makhadi kalimo. Wotchi palibe."

"Foni anaisiya?"

"Ndanena kale."

Kamoto analuma mlomo. Wakuba wa njala sasiya foni. Foni imagulika pa kona iliyonse, koma wotchi yoteroyo angagule ndani? Si wotchi yoonera nthawi ya basi. Ndi ya anthu otsika pansi pa madzi, yolemba yokha kuti munthu watsika mamita angati, wakhalako mphindi zingati.

"Munkaifuniranji pakati pa msonkhano?"

"Umboni. Tonse tili ndi mabuku athu odindidwa olembamo maulendo a pansi pa madzi, kupatula achimwene ako. Buku lawo akuti linanyowa. Koma chaka chatha ku nyanja, tsiku limene khutu linandivuta, ndinawabwereka wotchi yanga. Anatsika ndi wowatsogolera wa kumeneko, anafika mamita sate ndi awiri. Zili m'wotchimo. Ndinati lero titsegule, tijambule, titumize ku chilumba cha Sitima. Basi."

"Munayamba mwaonamo?"

"Ndili ndi maulendo oposa mazana atatu m'menemo. Ndiziwerenga a anthu enanso?" Adokotala anapukusa mutu. "Chondiwawa n'chakuti ndinaizolowera. Imandidziwa. Ndikapitirira ola limodzi pansi pa madzi imayamba kulira ngati mwanapiye, siisiya mpaka nditatuluka. Mwamuna wanga sandisamala choncho."

*

Mayi a pakantini ankadula anyezi, ndipo sanadikire kufunsidwa.

"Kamoto iwe, lero wandichititsa manyazi. Munthu wamkulu ngati uja, kumuyanika zam'kati pagulu? Ukanakhala wobala ine, bwenzi khutu ili lili m'manja mwangamu."

"Ndalakwa, mayi."

"Wauza ine? Ndine a Makiyi ine?"

Kamoto analoza zenera. "Pa zenera lanuli mumaona tebulo ndi benchi yomwe. Anadzukapo ndani pa tebulo paja?"

"Aaa, ine ndimaona mapoto anga." Anapukuta mpeni pa epuloni. "Koma a Loya anadzuka. Anabwera pomwe waimapo, foni kukhutu, kukalipira munthu mpaka tiyi wanga anazizira ndi mantha. Kuchoka apa anabwerera pa tebulo. Ku benchi sanapondeko."

"Wina?"

"Wina ndani? Enawo anali pa nkhondo. Uyu akuti akamba, uyu akuti akamba ndi a ana a sukulu, tikufuna sitima. Ine n'kumati, anthu inu, mapanga awiri avumbwitsa, ingosankhani. Anthu olemera amavutika, mwana wanga. Ife tikamasankha pakati pa kabichi ndi nyemba, iwo akusankha zilumba."

"Ndiye palibenso amene anadzuka?"

"Kupatula achimwene akowo, a Katumbu. Iwo aja sanachedwe n'komwe. Anangomenya tebulo, amvekere, ine voti yanga ndi ya Sitima, zokamba zambiri n'za amantha. Anapita kukavala chovala cha rabala chija, kenako ndinangomva chubwi. Akuti amayesa galasi latsopano la kumaso loonera pansi pa madzi."

"Iwo ndiye ayi," anatero Kamoto msanga.

"Ndati ndi iwo ine?" Mayiwo anamuyang'ana, mpeni uli m'mwamba. "Wandifunsa odzuka, ndakuuza odzuka."

*

M'chipinda cha mapampu munkanunkha mankhwala a m'madzi. A Makiyi anali atakhala pa chigubu chovundikira, chikwama pa miyendo, atachikumbatira ngati mwana wodwala.

"Bambo," anayamba Kamoto.

"Aphunzitsi," anayankha mkuluyo. Ankamutcha choncho kuyambira tsiku loyamba, pamene ena onse ankati kamtsikana ka ana.

"Chikwama cha Adokotala munachisunthiranji?"

"Pansi panali madzi. Chikanavunda."

"Munaona wina akuchigwira?"

Mkuluyo anayang'ana pampu. Pampuyo inalira kwa nthawi ndithu.

"Ine ndimayang'ana pansi, aphunzitsi. Ntchito yanga ili pansi."

"Bambo, apolisi akubwera wani koloko. Ngati mwaona kanthu, nenani! Mukufuna kukagona m'selo chifukwa cha munthu wina?"

"Mawu a wokolopa ndi mawu a munthu wa m'gulu, akaikidwa pa sikelo, mukudziwa kumene imapendekera." Anamwetulira pang'ono, kumwetulira kopanda mano okwanira. "Inu nomwe mwaonetsa m'mawa uja."

Kamoto anamva nkhope ikutentha mpaka m'makutu. Anafuna kukuwa, koma wom'kuwira panalibe. Anatuluka, chitseko n'kuchisiya chotsegula.

Kunja dzuwa linali paliwombo. Anthu a gulu lija anali atabalalika, ena pa foni, ena pa kantini. Dziwe linali lokha, madzi ali bata, popeza palibe amene analowamonso chisowereni wotchi. Kamoto anavula malaya a pamwamba. Kuyambira ali wamng'ono, mutu ukamuwira, mankhwala ake anali amodzi. Anadziponya ku mbali yakuya.

Pansi pa madzi dziko limakhala zii. Anatsika mpaka mimba inakhudza matailosi, mamita anayi, n'kutseka maso kuti manyazi azizireko.

Tswii. Tswii. Tswii.

Anatsegula maso.

Mwanapiye.

*

Wotchiyo inali yopanikizidwa kuseri kwa sefa ya chitsulo ya potulukira madzi, lamba wake atakolowekedwa kawiri pa kachitsulo kuti isatengeke. Ndodo yotolera masamba singamange mfundo yotero. Pamafunika zala, ndi munthu wodziwa kugwira mpweya. A Makiyi madzi a dziwelo ankawadziwa polekeza m'zigongono, kusambira sankatha.

Kamoto anaimasula. Asanakwere, anayang'ana pa galasi lake. Wotchiyo, mwa kukhulupirika kwake, inkayesa kuti mwini wake akadali pa ulendo. Inangonyowa n'kuyamba kuwerenga, ndipo inali ikuwerengabe: mamita anayi, maola awiri ndi mphindi zisanu.

Anavuuka n'kugwira m'mphepete. Wotchi ya pa khoma inkati kota pasiti thwelofu. Anachotsera ndi zala, kawiri, kufuna kuti alakwitse. Sanalakwitse. Wotchi ya Adokotala inalowa m'madzi teni pasiti teni.

Pa nthawi imeneyo, m'dziwe monse munali munthu mmodzi.

*

Anawapeza kuseri kwa zipinda zosinthira, akutsuka zipsepse za kumapazi pa mpopi. A Katumbu anali munthu wa chifuwa chotakata ndi kuseka kwa phokoso. Dzinalo anawapatsa a m'gulu atabwerako ku nyanja chaka chatha, ndipo iwo analidinda pa malaya. Ndi iwo amene analera Kamoto makolo atamwalira. Ndi iwo amene anapita ku golosale kuja n'kukaima pakhomo tsiku lonse mpaka mwini wake anapepesa.

Kamoto anatambasula dzanja. Madzi ankadonthabe pa lamba.

A Katumbu anatseka mpopi.

"Waipeza kuti, mlongo? Aaa, wachita bwino! Inagwera m'madzi eti?"

"Inagwa n'kudzimanga yokha mfundo ziwiri?"

"Tsitsa mawu."

"Achimwene, imawerenga. Ikangonyowa imayamba kuwerenga. Munthu wa mamita sate ndi awiri sangaiwale zimenezo." Anafumbata wotchiyo. "Munatsika mamita angati tsiku lija?"

Anayang'ana kumanzere, kumanja, kenako zala za kumapazi kwawo.

"Eyiti."

"Chiyani?"

"Mamita eyiti. Mphindi sikisi." Anakhala pansi pa khonde, thupi lonse lija n'kuphwa ngati tayala. "Madzi analowa m'galasi. Ndinaona mdima pansi, wopanda polekezera. Ndinayamba kupalasa ngati galu. Wotitsogolera uja anandigwira lamba, n'kundikweza ngati thumba. Ndinakhala m'boti ola lathunthu, ndikusanza. Titafika kumtunda Adokotala anafunsa kuti zayenda bwanji, anthu onse akumvetsera. Pakamwa panangoyankha pokha."

"Chaka chonse?"

"Bodza limakula, mlongo. Ukalidyetsa kamodzi limabweranso mawa."

"Nanga mumamenyeranji tebulo kuti mukufuna Sitima?"

"Ndinkadziwa kuti popanda umboni sangandilole. Bwenzi nditangoti, pepani anzanga, tsikani, ine ndikudikirani m'boti. Ndimati madzulo ndiivuule, ndifufute tsiku limenelo, ndiiponye pansi pa benchi. Palibe akanavulala."

"Palibe? A Makiyi alandidwa makiyi! Apolisi akubwera!"

"Amene wakhuthula chikwama chawo ndine?"

Mawuwo anamulasa pomwe panali bala. A Katumbu anaona mpata.

"Tamvera. Ukanene kuti waipeza pansi pa dziwe, basi. Wotchi yapezeka, apolisi sabwera, madala abwerera pa ntchito. Za nthawi usatchule. Adokotala sayang'ana zimenezo. Ubale ndi fupa, mlongo, suola. Ndinakuberekapo kumsana ine."

Zinali zoona. Msanawo Kamoto ankaudziwa kuposa bedi lililonse limene anagonapo.

"A Makiyi anakuonani, eti?"

A Katumbu anapukuta kumaso. "Anali pa chitseko ndi mopu. Tinaphana maso." Anapuma. "Amadziwa zambiri mkulu uja. Lachitatu lililonse m'mawa amanditsegulira geti anthu asanabwere. Ndimayeserera kuvula galasi pansi pa madzi, nditagwira makwerero. Iwo amaima pamwamba ndi ndodo ija, kuti ndikatsamwa andikoke. Miyezi isanu ndi itatu. Sanauzepo munthu."

"Ndipo inu munaima pomwepo ndikuwayanika."



*

Kutatsala mphindi makumi awiri kuti ikwane wani, Kamoto anaika wotchi pa tebulo, pakati pa timabuku tiwiri tija. Gulu linasonkhana. A Makiyi anaitanidwa, ndipo anaima chapatali, chikwama m'khwapa.

"Mwana wanga uja!" anatero Adokotala, n'kuitola. "Inali kuti?"

"Pansi pa dziwe. Kuseri kwa sefa."

"Ndinanena ine!" Amanijala anawomba m'manja. "Anaikankhira ndi ndodo ya masamba, kuti adzaivuule tonse titapita. Ochenjera madalawa. Adokotala, apolisi tingawasiye ngati mukufuna, koma ntchito yatha lero."

A Makiyi anaweramitsa mutu ngati munthu amene wamva zimene ankayembekezera.

Kamoto anayang'ana achimwene ake. Anali kumapeto kwa tebulo, manja m'thumba, maso akumupempha. Anawapatsa nthawi. Anawerenga mumtima mpaka khumi, monga amachitira ndi ana oopa kudumpha. Sanadumphe.

"Adokotala," anatero, "taonani ulendo womaliza umene yalemba. Wayamba nthawi yanji?"

Adokotala anadina kabatani. "Teni pasiti teni. Mamita anayi."

"Inali yomangidwa mfundo ziwiri. A Makiyi sasambira. Teni pasiti teni m'madzi munali munthu mmodzi, ndipo nonse munamumva akulowa." Analoza kumapeto kwa tebulo. "Ndi achimwene anga."

Ngakhale mpeni wa pakantini unaleka kugogoda.

"A Katumbu?" anatero a Loya. "Iyayi, pali kulakwitsa. Munthu ameneyu angabe wotchi chifukwa chiyani, poti umboni wake womwe uli momwemo?"

Adokotala anali atayamba kale kubwerera m'mbuyo, kabatani ndi kabatani, milomo ikuwerenga miyezi.

"Musavutike, Adokotala," anatero a Katumbu. Mawu awo, amene ankamveka mpaka ku geti, lero anali ochepa ngati a mwana. "Mupeza eyiti. Mamita eyiti, mphindi sikisi. Sate sindinafikeko. Ndimaopa." Anatembenuka. "A Makiyi, ine..."

Mkuluyo anakweza dzanja pang'ono, osati mwaukali, koma ngati woimitsa galimoto.

Amanijala anakhosomola, anasanthula m'thumba, n'kutulutsa mulu wa makiyi uja. "Chabwino, madala, zatha. Kusamvana kumachitika. Tengani, mukatsegule ku bafa ya azimayi."

A Makiyi sanatambasule dzanja.

Kamoto anazungulira tebulo, n'kugwada pa simenti yonyowa, pamalo pomwe mkuluyo anagwada m'mawa.

"Bambo, ndinakulakwirani pagulu. Ndikupepesa pagulu pomwepo. Ndinaopa kuti aloza ine, ndiye ndinaloza inu. Palibe chifukwa china."

Mkuluyo anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatsitsa chikwama, anatsegula zipi, n'kuchitembenuza yekha. Zonse zinagweranso pansi: malaya, kabudula, mapiritsi, buledi, chithunzi.

"Ndinalongedza mothamanga," anatero. "Mayi akunyumba, asanatisiye, ankapinda malaya katatu, manja m'kati. Chithunzi chimakhala pamwamba, chisakhwinyate. Bwezeranimo bwino, aphunzitsi."

Kamoto anatola malaya. Anapinda molakwika.

"Manja m'kati," anatero a Makiyi.

Anapindanso. Atafika pa kabudula uja, dzanja lina lalikulu linamutsogolera. A Katumbu anali atagwada pambali pake, malaya awo a dzina lija atamatirira kumsana ndi thukuta. Anapinda mosamala, anthu onse akuona, n'kuika m'chikwama. Kamoto anapukuta chithunzi pa mkono, n'kuchigoneka pamwamba.

Apo m'pamene a Makiyi analandira makiyi kwa Amanijala, ndi dzanja limodzi.

"Lachitatu geti ndidzatsegula nthawi yomweija," anauza a Katumbu akumangirira makiyiwo m'chiuno. "Koma ndodo adzagwira mlongo wanuyu. Ine mkono watopa."

Ananyamuka, makiyi akulira m'chiuno. Pa tebulo, Adokotala anatenga kabuku ka Sitima, anakayang'ana kanthawi, n'kukalowetsa m'chikwama. Kenako anakankhira ka Akamba pakati.

"Pano alemba kuti akambawa amapezeka mamita angati?" anafunsa a Loya, osayang'ana munthu.

Adokotala anavala magalasi. "Sikisi mpaka eyiti."

Palibe anaseka. Kamoto anali chigwadire, mawondo akuwawa, akumvetsera kulira kwa makiyi mpaka kunazimirira kuseri kwa khoma.